Ine ndinapulumuka, mnzanga anasiya ana anayi ndi ngongole

Ntchito yanga ndi yowerengera ndalama. Ndinayamba ukalaliki ndili mnyamata pa kampani ina yopikulitsa katundu ku Limbe, ndipo dzanja langa linazolowera kuti cholowa ndi chotuluka chilichonse chilembedwe m'buku. Mu 2022, ndili ndi zaka 39, madokotala ananditsegula chigaza nkuchotsa chotupa cha khansa mu ubongo. Lero ndimayenda ndekha, ndimadya ndekha, ntchito ndimagwirako pang'ono. Kutchalitchi akandiimika kuti ndipereke umboni ndimanena za chifundo cha Mulungu ndi luso la madokotala, anthu nkuwomba m'manja. Za ndalama sindinena, poti kutchula ndalama pamatenda ndi pamaliro timakuona kochititsa manyazi. Muno ndizinena ndithu, zanga ndi za mnzanga wina amene ndinagona naye wodi imodzi, yemwe anatisiya asanafike zaka 40.

Matendawa anayamba kudya ndalama tisanawadziwe dzina. Mutu unkandipweteka kwambiri m'mamawa, nthawi zina nkusanza ndisanalawe kanthu. Pa kachipatala kena ka m'dera lathu anandiyeza malungo, osapezeka, koma mankhwala a malungo ndinapatsidwa ndithu. Kwina anati ndi BP. Kwina anati ndi maso, tinagula magalasi. Paliponse panali kulipira, ndipo kulipira kwake kunali kwa pang'onopang'ono, kosati nkumuopsa munthu. Kuntchito manambala anayamba kundithawa. Ndinkaphatikiza mzere umodzi kangapo, yankho nkumasintha. Abwana anandiitana nkundifunsa ngati ndayamba mowa. Kunyumba mayi a ana anga ankadandaula kuti ndasanduka wa ukali, zomwe sizinali khalidwe langa. Tsiku lomwe ndinagwa khunyu pakhomo, ana akuona, achibale anagwirizana msanga kuti pali dzanja la munthu, makamaka wa kuntchito wofuna mpando wanga. Amalume ananditengera kwa sing'anga, azakhali anabwera ndi mneneri. Mbuzi inapita, ndalama zinapita. Sindiwada, ankachita zomwe ankadziwa.

Chomwe chinaulula zonse ndi sikani. Dokotala wina atamva kuti munthu wamkulu amene sanadwalepo khunyu wagwa koyamba, komanso mutu ukumupweteka m'mamawa, anati pasachedwe, ajambulidwe m'mutu. CT inaonetsa chinthu, MRI inachionetsa bwinobwino. Opaleshoni inachitika ku Blantyre konkuno. Anthu ambiri sadziwa kuti pa Gulupu, chipatala cha Queen Elizabeth, pali madokotala otsegula mutu wa munthu nkuutsekanso munthuyo nkudzuka. Ndi owerengeka pa zala m'dziko lonse, ndipo odwala awo ndi ochuluka: a ngozi za pamsewu, makanda odzadza madzi m'mutu, ndi ife a zotupa. Opaleshoniyo sindinalipire. Komabe ulere wa chipatala cha boma umathera pa bedi la wodwala. Thiransipoti, chakudya cha gadiyani, mankhwala ena ogula kufamase, ndi geni yomwe yaima kunyumba poti mwini wake akugona pansi kuchipatala, zonsezo ndi za m'thumba lanu. Mayi a kunyumba ankagulitsa kaunjika. Belo lomaliza analitsegula ndisanagonekedwe.

Chotupa cha mu ubongo si chimodzi, ndipo apa mpomwe pagona nkhani yanga yonse. Akachichotsa amatumiza kachidutswa ku labotale, ndipo pepala lochokera kumeneko ndilo limanena mtundu wake ndi giredi yake, kuyambira 1 mpaka 4. Zina, monga zambiri za mtundu wa meningioma, si khansa; zikachotsedwa bwino munthu atha kukalamba. Changa anati ndi oligodendroglioma. Ndi khansa, koma yoyenda pang'onopang'ono ndiponso yomvera mankhwala, moti ambiri amakhala nayo moyo zaka zambiri. Adokotala anandiuza mosabisa kuti mpeni wokha sukwanira, pafunika radiotherapy, yomwe odwala timangoti kuwotcha, kenako mapiritsi a chemotherapy.

Nthawi imeneyo m'Malawi munalibe makina owotchera khansa. Wofuna chithandizochi ankapita ku India, ku Zambia, ku Tanzania kapena ku Kenya. Boma limatumiza odwala kunja, koma mndandanda wa odikira ndi wautali, ndiye banja linagwirizana kuti tidzipezere tokha njira ya ku India. Tili mkati mosonkha, mu May 2022, kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti. Ndalama zomwe tinkati zatsala pang'ono kukwana zinapezeka kuti zachepa usiku umodzi, ndipo madola kubanki anali osowa. Tinagulitsa poloti yomwe tinali titayamba kuumbirapo njerwa. Mpamba wa kaunjika unalowa momwemo. Anzanga anatsegula gulu la pa WhatsApp, mpingo unachita chopereka chapadera, mlamu wanga anatenga ngongole ku banki mkhonde m'dzina lake, ndipo zotsalazo tinakatenga katapila. Kuwotcha kwa chotupa chotere kumatenga pafupifupi masabata asanu ndi limodzi, masiku asanu pa sabata, mutu atauyika m'chophimba cha pulasitiki choumbidwa motsatira nkhope yako kuti usagwedere. Nthawi yonseyo mumalipira pogona ndi chakudya cha anthu awiri m'dziko la eni. Za ku India ndilekeza pomwepa. Ndinapita, anandithandiza, ndinabwerako.

Mnzangayo ndinakumana naye tikudikira opaleshoni. Anali kalipentala, wa zaka 36, mwini shedi ya zitseko, mafelemu, mabedi ndi masofa m'mbali mwa msewu m'tauni muno. Anali munthu wa nthabwala. Ankanditchula kuti achimwene, ndipo akazi ake anayamba kunditchula alamu, mpaka lero. Tsiku lina anagogoda bedi la chipatala ndi chala nkuti, "Achimwene, tikatuluka muno mudzabwere ndidzakukhomereni bedi la mlombwa, osati zachitsulo zolira usikuzi." Manja a munthu ameneyu ankadyetsa anthu ambiri kuposa omwe ankagona m'nyumba mwake. Kupatula mkazi ndi ana anayi, panali anyamata awiri ophunzira ntchito pashedi, amayi ake kumudzi ku Thyolo omwe ankawagulira feteleza chaka ndi chaka, ndi mlongo wake wamng'ono amene ankamulipirira kukoleji.

Pepala lake la ku labotale linati glioblastoma, giredi 4. Iyi ndi khansa ya mu ubongo yoopsa kwambiri mwa akuluakulu. Imalowerera m'kati mwa ubongo wabwino, moti dokotala ngakhale aluse bwanji sangaichotse yonse. Ngakhale kumayiko olemera, wodwala akalandira zonse, opaleshoni, kuwotcha ndi mapiritsi a temozolomide, theka la odwala amamwalira isanathe miyezi pafupifupi 15, ndipo mwa anthu 100 osakwana 10 ndiwo amafika zaka zisanu. Beau Biden, mwana wa Joe Biden, anamwalira nayo mu 2015 ali ndi zaka 46, bambo ake ali wachiwiri kwa pulezidenti wa America. Ngati pali banja lomwe silikanasowa dokotala kapena ndalama, ndi limenelo.

Zimenezi akazi a mnzanga sanauzidwe. Adokotala anafotokozera azichimwene ake a wodwalayo, amuna awiri, ndipo iwo atatuluka panja anagwirizana kuti mlamu wawo asamve, angataye mtima, komanso wodwala angamve nkufa msanga. Kwa mayiwo anangoti chotupa chachotsedwa, kwatsala kukawotcha ku Lusaka basi. Ndipo kunena zoona zinkaoneka choncho. Pali mankhwala otchedwa dexamethasone omwe amaphwetsa kutupa kwa ubongo. Munthu amene dzulo anali chigonere amadzuka, kuyamba kudya kwambiri, nkhope nkudzadza. Obwera kudzazonda ankati wachira, wanenepa. Mayiwo ataona choncho anagulitsa mashini opalira matabwa, anagulitsa macheka a magetsi, anagulitsa matabwa onse omwe anali m'shedi, nkukwera basi yodzera ku Mchinji ndi mwamuna wawo. Ankati akachira adzagula ena, poti luso lili m'manja.

Luso linali m'mutu, ndipo mutuwo ndi umene unkatha. Apa mpomwe khansa ya mu ubongo imasiyana ndi matenda ena ambiri pa nkhani ya chuma. Wodwala khansa ya kwina, ngakhale atafooka chotani, amatha kukhala pamkeka nkumalongosola kuti uje ali ndi ngongole yanga, ndalama zina zili mwakuti, ana muwachite chakuti. Mnzangayu chotupa chinali mbali ya kumanzere, komwe kumachokera mawu. Atabwerako ku Zambia anakhalako bwino kanthawi, kenako mawu anayamba kusokonekera. Ankafuna kunena kapu nkunena nsapato, nkupsa mtima poona kuti sitikumva. Dzanja lamanja linafooka, siginecha yake kubanki sinkafanananso ndi yakale. Nambala yachinsinsi ya ndalama za pafoni anaiwala, ndipo akazi ake sankaidziwa. Buku la ngongole analibe; zonse ankasunga pamtima, monga amachitira amisiri ambiri. Omwe anali ndi ngongole zake anangoti zii. Koma omwe anapereka dipoziti ya zitseko ndi masofa anabwera onse, ena ndi ukali, ndipo mayiwo ankabweza ndalama za ntchito zomwe sankazidziwa nkomwe. Banja linataya wopezera chakudya miyezi yambiri munthuyo akupumabe, ndipo linataya wachiwiri, chifukwa mayiwo anasiya geni yawo ya mandasi kuti azimutembenuza, kumusambitsa ndi kumudyetsa.

Anamwalira mu 2023, ali ndi zaka 37, patangopita nthawi yochepa namondwe wa Freddy atasakaza Blantyre, Thyolo, Mulanje ndi maboma ena a kummwera. Abale akumudzi nawonso anali m'mavuto awo, chipepeso chinali chochepa. Panafunika galimoto yonyamula maliro kupita ku Thyolo, chakudya cha pasiwa, cha adzukulu. Bokosi anakhoma ndi mmodzi mwa anyamata ake aja, pa shedi ya eni, ndi matabwa a ngongole. Kumanda kunalankhulidwa mawu abwino. Wina anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, anawa sadzavutika ife tilipo. Ndinali pomwepo, tsitsi langa lisanamere bwino pachipsera, ndipo ndinkadziwa kale kuti olankhulawo nawonso alibe.

Akatswiri a za chuma ali ndi njira yawo yowerengera imfa zotere. Amatenga zaka zomwe munthu akanagwirabe ntchito akanakhala moyo, nkuchulukitsa ndi zomwe amapeza pa chaka, nkuti dziko lataya zakutizakuti. Tikatenga zaka 60, pomwe ogwira ntchito m'boma amapumira, mnzangayu anapita ndi zaka 23 za zitseko ndi mabedi, ndipo kalipentala sapuma pa 60. Mwa njira imeneyi khansa ya mu ubongo imatuluka yodula kwambiri pa imfa iliyonse, chifukwa siyembekeza ukalamba. Imagwira ana, imagwiranso anthu omwe ali pakati pa kulera. Monga kalaliki, masamu amenewa ndimawamvetsa, ndipo ndi othandiza pouza boma kuti kugula sikani si kutaya ndalama. Koma amafuna pepala la malipiro, ndipo mnzanga analibe. Ambiri mwa a Malawi alibe. Mlimi, mayi wa tomato, wa kabaza, akamwalira, m'mabuku zimaoneka ngati dziko lataya zochepa.

Ine ndinatsatira zomwe zinachitika pakhomo paja, ndipo buku langa likuti motere. Shedi inatsekedwa, mwini malo anaikamo wina. Mnyamata mmodzi anayamba kabaza pa njinga yobwereka, winayo anapita ku Joni asanamalize kuphunzira ntchito. Mlongo wake uja analekeza koleji pakati. Gogo ku Thyolo analima wopanda feteleza, ndipo chimanga chomwe chinkabwera m'tauni kudzathandiza ana chinaleka kubwera. Banja linasamuka m'nyumba ya magetsi kupita ya lendi yotsika, kutali ndi sukulu. Mwana woyamba, mtsikana wanzeru amene ankati adzakhala namwino, anasiya ali Fomu 3 nkukayamba ntchito ya m'nyumba kuti azing'ono ake azidya. Mu November 2023 kwacha inagwetsedwanso ndi 44 peresenti, mitengo ya zinthu nkukwera, katapila wa banjali nayenso akubereka. Mtsikana ameneyu ndiye amandiwawa kwambiri. Zaka 23 za bambo ake zikhoza kuwerengedwa. Zaka zonse zomwe iye adzagwire ntchito ya malipiro ochepa chifukwa chosowa satifiketi ya MSCE palibe amene adzazilembe pa dzina la chotupa chija.

Tizipangizo tating'ono tomwe tinatsala, mapulena, matchizulo ndi nyundo, achibale a mwamuna anatenga, amvekere ndi chikumbutso cha m'bale wawo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wa masiye ndi mlandu, ndipo limaika patsogolo mkazi ndi ana. Ndinawauza mayiwo zimenezi. Anandiyankha kuti, "Alamu, ndikakawasumira anthu amenewa, mawa mwana akadwala ndidzagogoda pakhomo pa ndani?" Ndinasowa chowayankha.

Mawu ena omwe anandiuza ndi amene anandichititsa kulemba umboni uno. Tinali titakhala pakhonde, miyezi itapita chichitikire maliro, ndipo anali atangomva kuchokera kwa mlamu wawo wamkazi kuti azichimwene aja ankadziwa zonse kuyambira pachiyambi. Sanalire. Anangoti, "Alamu, akanandiuza, ku Lusaka ndikanapitabe mwina, poti anali mwamuna wanga. Koma mashini aja sindikanagulitsa onse. Ndikanasiya anyamata azigwira ntchito. Ndipo nthawi yomwe ankalankhula ija ndikanawafunsa zambiri."

Taonani kusiyana kwake. Banja langa linagulitsa poloti, lawo linagulitsa mashini. Tonse tinachita chimodzimodzi, mwa chikondi chimodzimodzi. Ife tinagula zaka, mwina zambiri. Iwo anagula miyezi, ndipo miyeziyo sindikuichepetsa, chifukwa mwana wawo wamng'ono anaphunzira kuyenda bambo ake akuona. Koma ife tinagulitsa tikudziwa chomwe tikugula. Iwo anagulitsa atabisiridwa mtengo weniweni, ndipo amene anabisa sindiwo akubweza ngongole lero. Mwambo wathu woti nkhani yolemera iyambe yafika kwa amuna a kubanja, mkazi nkumva pomalizira, pa matenda awa ndi wowononga. Ndikudziwa kuti amachita pofuna kuteteza. Komabe wotsala ndi ana ndi mkaziyo.

Pali chithandizo china chomwe mabanja ambiri amachikana poganiza kuti kuchilandira nkuvomereza imfa. Ndi chisamaliro chochepetsa ululu kwa amene matenda awo sangachizike, monga chomwe amapereka a Tiyanjane pa Gulupu kapena a Ndi Moyo ku Salima. Amapereka morphine wakumwa, amaphunzitsa gadiyani kusamala wodwala pakhomo, ndipo amakhala pansi ndi banja nkulankhula zoona mwaulemu. Kafukufuku wina amene anachitika ku Blantyre nkusindikizidwa mu 2021 m'magazini ya The Lancet Global Health anatsatira mabanja a odwala khansa yofika patali. Anapeza kuti ambiri mwa mabanjawo anawononga ndalama zopitirira mphamvu zawo, ndipo omwe analandira chisamaliro chimenechi ankaoneka kuti akugulitsa katundu ndi kubwereka mochepa poyerekeza ndi anzawo. Mnzanga anachilandira mochedwa, masabata omaliza, ndipo akazi ake amati ndi nthawi yokhayo yomwe anagonako tulo.

Ine wopulumukane ndisaname kuti zanga zinatha bwino zonse. Ndimamwa mankhwala oletsa khunyu tsiku lililonse. Nthawi ndi nthawi ndimayenera kujambulitsa MRI kuti aone ngati chotupa sichikuphukanso, ndipo sabata yodikira zotsatira m'nyumba mwathu simusekedwa. Galimoto anandiletsa kuyendetsa. Ndimatopa msanga, manambala ndimawagwira koma mochedwa, ndiye ntchito ija inatha. Panopa ndimalembera mabuku eni mashopu ang'onoang'ono. Mayi a kunyumba anayambiranso kaunjika ndi kampamba kochepa, makasitomala awo akale atapita kwina. Ana tinawachotsa kusukulu yolipira. Poloti ija pali nyumba ya munthu wina, ndimaiona ndikamadutsa pa minibasi.

Usiku wina tikuwerengera ngongole ndinawauza mayi a kunyumba masamu oipa. Lamulo la penshoni m'dziko muno limati wolemba ntchito aziika 10 peresenti, wogwira ntchito 5 peresenti, komanso pakhale inshulansi ya moyo yosachepera malipiro a chaka chimodzi. Ndiye ndinati ndikanafa ndili pantchito, iwo akanalandira penshoni yanga yonse ndi malipiro a chaka, poloti nkukhalapobe. Anandiyang'ana nkuti, "Bambo, mawu amenewo musadzawabwerezenso m'nyumba muno." Sindinabwerezenso. Ndawalemba pano kuti muone mmene zinthu zilili: kwa wolembedwa ntchito pali kenakake kogwira banja akamwalira, pomwe wodwala nthawi yaitali amadzionera yekha. Kalipentala alibe penshoni, alibenso inshulansi.

Padziko lonse khansa ya mu ubongo ndi ya mumsana imapha anthu pafupifupi 250,000 pa chaka. Kwathu kuno siimveka kwambiri. Zomwe zimatchuka ndi khansa ya khomo la chiberekero, ya kummero ndi ya Kaposi, ndipo mpake, chifukwa zikupha anthu ochuluka. Koma ine ndimaganiza za anthu omwe sanafike pa sikani. Bambo wa kumudzi amene anayamba kulankhula zosamveka, anthu nkuti wapenga. Mayi amene anafa mbali imodzi pang'onopang'ono, nkuti ndi sitiroko. Mwana amene ankasanza m'mamawa nkumayenda modzandira, nkumangopatsidwa mankhwala a malungo. Ambiri amamwalira pakhomo, popanda dokotala wolemba chomwe chawapha. Mabanja awo nawonso anagulitsa mbuzi, njinga ndi minda, koma ndalamazo zinathera panjira, kwa asing'anga ndi m'tizipatala, osagulako ngakhale dzina la matenda. Ine ndinangotsala pang'ono kukhala mmodzi wa iwo.

Zina zasintha chichokereni ku India. Mu 2024 chipatala cha International Blantyre Cancer Centre, chomwe si cha boma, chinayamba kuwotcha khansa m'dziko momwe muno, ndipo mu 2025 chipatala cha khansa cha boma chinatsegulidwa ku Lilongwe, pafupi ndi Kamuzu Central. Wodwala wa lero atha kupewa tikiti ya ndege ndi kusaka madola, ndipo ndikamva zimenezi ndimakumbukira poloti yanga. Makinawo sadzasintha khalidwe la glioblastoma, koma adzachepetsa katundu wogulitsidwa, bola asamalidwe kuti azigwira ntchito ndipo anthu a ku Chitipa kapena ku Nsanje athe kufikako.

Inu owerenga, munthu wamkulu akagwa khunyu koyamba, kapena mutu ukamamupweteka m'mamawa ndi kusanza kwa masabata, kapena akasintha khalidwe mosadziwika bwino, pitani naye kuchipatala chachikulu mukafunse za sikani mbuzi isanagulitsidwe. Chotupa chikapezeka, funsani dzina lake ndi giredi yake, adokotala akulembereni papepala, ndipo mufunsenso kuti chithandizocho nchochiza kapena nchotalikitsa masiku. Wodwala akadali kulankhula, alembe ngongole zake ndi za anthu, anene nambala zachinsinsi kwa mnzake wa m'nyumba, alembe wilo. Kutero si kumuitanira imfa. Ine ndinalemba yanga ndisanalowe ku opaleshoni, ndipo ndili pano. Ndipo inu azichimwene, amalume ndi madokotala, mkazi kapena mwamuna amene adzatsale ndi anawo muzimulowetsa m'chipinda momwe mukunenedwa zoona, asanagulitse kanthu kalikonse.